Mbiri ya PTC: Sitolo Imene Idadya Ndalama za Fodya, N'kutha ndi Ngongole

Kuno kwa Mwase, monganso m'madera onse olima fodya m'boma la Kasungu, ziwiya za m'nyumba zili ndi nyengo yake yogulira. Poto akabooka mu Januwale, mayi sathamangira kusitolo. Amapita naye kwa wokhoma zidebe kuti akamate, kapena amayamba wabwereka kwa mnzake, kudikira kuti mabelo apite ku okushoni. Ndalama ikayamba kutuluka, kuchokera mu Epulo mpaka cha mu Ogasiti, m'pamene pakhomo pamalowa mapoto atsopano, ketulo, mabakuli, beseni ndi mbale zodyera alendo. Kwa zaka pafupifupi 50, imodzi mwa sitolo zimene ndalama imeneyi inkathera inali People's Trading Centre, imene aliyense ankangoti PTC.

PTC sinali sitolo ya ziwiya zokha. Inkagulitsa shuga, sopo, mchere, buledi, mafuta ophikira ndi zina zambiri. Koma amene akufuna kumvetsa mmene kampaniyi idakulira ndiponso chimene chidaipha ayang'ane kushelefu ya mapoto ndi mbale, chifukwa kumeneko n'kumene zidaonekera msanga kuti sitolo ndi wogula wake asiyana njira.

Isanabwere PTC

Makolo athu ankaphikira mumphika ndi munkhali, kutungira madzi mumtsuko, kuomolera nsima ndi chipande. Zonsezi zinkaumbidwa kapena kusemedwa pamudzi pomwepo. Ziwiya zachitsulo zidalowa m'dziko muno ndi amalonda: a Mandala, kampani ya African Lakes imene idayamba mu 1878, kenako a Kandodo, ndiponso amwenye amene adamanga timasitolo tawo m'malo ochitira malonda akumidzi. Zina zinkabwera m'masutikesi a amuna ochokera ku Halale ndi ku Joni, poti Kasungu ndi limodzi mwa maboma amene adatumiza anthu ambiri kumigodi ndi kumafamu a kunja.

Mmwenye wa pasitolo ya kumudzi ankamudziwa wogula wake. Ankanenerera naye mtengo, kumuikira basera, ndipo amene wamukhulupirira ankamupatsa katundu pangongole kuti adzalipire akakolola. Koma kuyambira mu 1970, boma la Dr. Hastings Kamuzu Banda lidalamula amwenye kuti achoke m'madera akumidzi, ndipo pofika mu 1978 malonda awo adatsala m'mizinda ikuluikulu yokha. Cholinga chimene chidanenedwa chinali chakuti malonda akumudzi akhale m'manja mwa eni dziko. Amalawi ambiri amene adatenga masitolowo adalibe mpamba wokwanira, galimoto yonyamulira katundu, ngakhale munthu wowakongoza. Masitolo ambiri adatsekedwa, ndipo m'malo ena mabwinja ake alipobe mpaka lero. Mpata umenewu udadzazidwa ndi makampani awiri okhala ndi mphamvu ya boma kumbuyo kwawo: Chipiku kumbali yopikulitsa, ndi PTC kumbali yogulitsa kwa munthu wamba.

Mwana wa Press

PTC idakhazikitsidwa mu 1973 ngati nthambi ya Press Holdings. Press idayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 ngati kampani yosindikiza nyuzipepala ya chipani cha Malawi Congress, ya Malawi News. Mu 1969 idasanduka Press Holdings, pafupifupi masheya onse ali a Dr. Banda, woyendetsa ali Aleke Banda. M'zaka khumi zokha idalowa paliponse: m'mabanki a National ndi Commercial, m'mafakitale, m'zamtengatenga, ndipo koposa zonse mu ulimi wa fodya kudzera m'makampani a General Farming ndi Press Farming, amene maesiteti ake ambiri anali konkuno ku Kasungu, kwawo kwa mwini wake.

Apa m'pamene padagona mphamvu ya PTC. Nthawi imeneyo munthu sankangodzuka n'kuitanitsa katundu kunja. Pankafunika chilolezo cha boma ndiponso ndalama zakunja zimene zinkagawidwa mwa muyezo. Kampani ya mwini dziko, yokhalanso ndi dzanja m'mabanki onse awiri, sinkavutika kupeza zimenezi. Opikisana nayo akumidzi anali atachotsedwa ndi lamulo. Ndiponso ndalama inkangozungulira m'banja limodzi: kalaliki kapena kapitawo wa paesiteti ya Press akalandira malipiro, ankakawasiya pa tilo ya PTC, imene inali ya Press yomweyo.

Chilungamo chake n'chakuti mpamba wokulitsira zonsezi udachokera kwa mlimi wamng'ono. Bungwe la ADMARC, limene lidalowa m'malo mwa Farmers Marketing Board mu 1971, linkagula mbewu za alimi ang'onoang'ono pamtengo wotsika n'kugulitsa kunja pamtengo wabwino, ndipo gawo lalikulu la phindulo linkakongozedwa kwa Press ndi kumaesiteti. Lamulo la Special Crops Act linkaletsa mlimi wamba kulima fodya wa bale pamunda wake. Wofuna kulima fodya ameneyu ankapita kukakhala tenanti paesiteti, kumadya chimanga cha ngongole chaka chonse, n'kulandira zotsala bwana atachotsera zake. Choncho mayi wa kwa Mwase amene ankaima pakhomo la PTC akusirira seti ya mapoto anali atalipirako kale njerwa za sitoloyo ndi thukuta lake, ngakhale palibe adamuuza.

Komabe zabwino zimene PTC idabweretsa zisaiwalike. Idafikitsa pa maboma ambiri, kuphatikizapo pa Kasungu, kagulidwe kamene kale kanali ka m'mizinda mokha: kulowa, kutenga basiketi, kusankha wekha, kukalipira pa tilo n'kulandira lisiti. Mtengo unali wolembedwa, umodzimodzi kwa mphunzitsi ndi kwa tenanti, kwa wovala nsapato ndi kwa wopanda. Katundu wambiri anali wopangidwa konkuno: nsalu ndi zofunda, sopo, shuga wa ku Nchalo ndi Dwangwa, mapoto ndi mbale zachitsulo za m'mafakitale a ku Blantyre. Mwini fakitale ankadziwa kuti katundu wake akalowa m'nkhokwe ya PTC, afika kuyambira ku Nsanje mpaka ku Karonga. Mtsikana akamalowa m'banja, azakhali ake ankanyadira kunena kuti ziwiya adagula ku PTC, kutanthauza kuti n'zolimba. Anyamata ndi atsikana ambiri omaliza Fomu 2 ndi Fomu 4 adaphunzirira mmenemo kusunga mabuku, kuwerenga katundu ndi kulandira makasitomala.

Mphepo itatembenuka

Mavuto oyamba adabwera kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Mafuta adakwera mtengo padziko lonse, fodya adatsika, ndipo nkhondo ya ku Mozambique idatseka njanji za ku Beira ndi Nacala, moti katundu adayamba kuzungulira ulendo wautali wa ku Durban. Press idapezeka ili ndi ngongole zoti zikadagwetsa mabanki amene idali nawo. Aleke Banda adamangidwa mu 1980. Mothandizidwa ndi World Bank ndi IMF, boma lidasenza ngongolezo, padakhazikitsidwa Press Trust mu 1982, ndipo mu 1984 padabadwa Press Corporation. PTC idapulumuka chifukwa kholo lake linali lalikulu kwambiri moti boma silikadalola kuti ligwe.

Kuyandikana ndi wolamulira kudali ndi mtengo wake. Pa zipolowe za mu Meyi 1992, anthu okwiya m'mizinda adathyola masitolo a PTC, powaona ngati chuma cha Kamuzu. Riferendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994 zidasintha boma, ndipo malonda adamasulidwa. Mu 1994 momwemo kwacha idasiyidwa kuti ipeze yokha mtengo wake pamsika, ndipo idagwa kwambiri. Boma latsopano lidakhazikitsa lamulo la 1995 lochotsa Press Trust m'manja mwa Dr. Banda, mlandu udafika ku Supreme Court, ndipo boma lidapambana mu 1997. Chaka chotsatira, 1998, Press Corporation idalowa pamsika wa masheya wa Malawi Stock Exchange. Kuyambira pamenepo PTC idayenera kudziimira payokha pamaso pa eni masheya ofuna phindu chaka ndi chaka.

Kuno kwathu kusintha kwakukulu kudali kwina. Kuyambira mu 1990 alimi ang'onoang'ono adaloledwa kulima fodya wa bale, poyamba owerengeka, kenako aliyense. Makalabu adabadwa, zigafa zidamera m'midzi, ndipo ndalama ya fodya, imene kale inkadutsa m'maofesi a maesiteti, idayamba kufika m'thumba la mlimi mwini. Msika wa fodya utatsegulidwa pa Chinkhoma, ndalamayo idayandikiranso kumudzi. Uwu udali mwayi waukulu kwa aliyense wogulitsa ziwiya. Amene adauthamangira anali mavenda. Adanyamula mapoto, mabeseni ndi ndowa panjinga ndi pamatola, n'kumatsata masiku a msika pa Santhe, pa Chamama, pa Chatoloma, pa Nkhamenya. PTC idakhala pa boma kudikira kuti mlimi aitsate.

Kampaniyo sidangokhala manja lende ayi. Idalowa mgwirizano ndi Metcash ya ku South Africa, aliyense theka la masheya, ndipo pansi pa denga limodzi padakhala maina a Peoples, Kwiksave, Metro Cash and Carry ndi McConnell. Pachimake pake masitolo adapitirira 100, ndipo padalibe kampani ina yogulitsa katundu yofikapo m'dziko muno. Koma opikisana nayo ankachuluka mbali zonse. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 Shoprite idatsegula pa Chichiri ku Blantyre ndi ku Lilongwe, n'kutenga ogula a ndalama zawo a m'tauni. Pambuyo pake kudabwera Game ndi ziwiya zamagetsi. Amwenye adabwerera ndi masitolo opikulitsa. Malawi itapanga ubale ndi China kumapeto kwa 2007, amalonda a ku China adafika mpaka m'maboma ndi katundu wotchipa, moti mu 2012 boma lidachita kuika lamulo lowabweza kumizinda. Amayi a geni nawo adaphunzira njira ya ku Dar es Salaam ndi ku Johannesburg, n'kumabwera ndi mafulasiki, matambula ndi mapoto a chivundikiro cha galasi.

Poto wa pashelefu ndi poto wa pamsika

Muoneni mayi amene akugula poto tsiku la msika. Amamunyamula kuti amve kulemera kwake. Amagogoda pansi pake ndi chala, poti poto wopyapyala amapsereza nsima ndipo sachedwa kubooka pamafuwa. Amagwedeza zogwirira, amayesa chivundikiro ngati chikukhala bwino. Akatero amafunsa mtengo, n'kumubweza pansi, n'kuyamba kuchoka, mpaka venda amuitane kuti, "Bwerani mayi, muli ndi zingati?" Ngati ndalama yaperewera pa seti yonse, venda amamasula seti n'kumugulitsa poto mmodzi yekhayo amene akumufuna, wa ndiwo kapena wa nsima ya anthu asanu ndi mmodzi. Ngati amadziwana, zotsalazo adzapereka sabata yamawa.

Wogulitsa wa m'sitolo yaikulu sangachite chilichonse mwa izi. Mtengo waikidwa ku likulu ku Blantyre ndi munthu amene sadziwa kuti chaka chino fodya wa ku Kasungu wabwezedwa kangati pa okushoni. Seti ndi yomata, siimasulidwa. Pamtengowo pali msonkho wa VAT, umene kwa zaka zambiri unali 16.5 peresenti, pali lendi, magetsi, jenereta ya nthawi ya kuzimazima kwa magetsi, malipiro a antchito ndi alonda, ndi mafuta a lole yochokera kunkhokwe. Venda alibe zambiri mwa izi, ndipo katundu wina amalowa m'dziko osadutsa pa kasitomu. Mpikisano wotere sunali wachilungamo, ndipo apa boma lili ndi mlandu wake. Koma si msonkho wokha udasiyanitsa awiriwa. Venda ankadziwa mwezi umene mlimi ali ndi ndalama, tsiku limene abwere, ndi kukula kwa poto amene mkazi wake akufuna.

Palinso china chimene anthu a m'maofesi sachiona msanga. Kwa banja la kumudzi, chiwiya ndi chuma chosungira tsiku loipa. Pa njala ya 2001 mpaka 2002, imene idakantha Kasungu koposa maboma ambiri, mabanja adagulitsa mapoto, mbale, njinga ndi mawailesi pamtengo wozizira kuti apeze kambale ka chimanga kapena gaga. Wogula wotere akapeza ndalama amagula mosamala, pang'onopang'ono, ndipo chaka chikavuta amasiyiratu. Malonda a ziwiya m'dera la fodya amayenda miyezi inayi kapena isanu, pamene lendi ndi malipiro zimafuna miyezi yonse khumi ndi iwiri.

Ngongole itadya mashelefu

Shuga ndi sopo zimatha pashelefu m'masiku ochepa, ndalama n'kubwerera. Poto atha kukhala miyezi. M'dziko limene ndalama yake ikugwa mphamvu, katundu wochedwa kutuluka amadya mwini wake: pomwe ukumugulitsa, ndalama imene walandira siikwananso kuoda wina wofanana naye. Mu 2011 ndalama zakunja ndi mafuta a galimoto zidasowa m'dziko muno. Mu Meyi 2012 kwacha idatsitsidwa kuchoka pa K167 kufika pa K250 pa dola imodzi, ndipo m'zaka zotsatira chiwongoladzanja cha m'mabanki chidapitirira 30 peresenti. Cha m'nthawi yomweyo Metcash idatuluka, Press Corporation n'kutsala yokha ndi kampani yonse.

Sitolo yaikulu imayendera kukhulupirirana. Mwini fakitale amapereka katundu lero kuti adzalandire ndalama patatha mwezi kapena iwiri. Malipiro akayamba kuchedwa, iye amakumbuka kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, n'kunena kuti kuyambira lero ndalama patsogolo. Sitolo yopanda ndalama pamanja imaoda zochepa, mashelefu amayamba kuoneka mipata, wogula akabwera kawiri osapeza chimene akufuna amazolowera khomo lina, malonda amatsika, ndipo ngongole ya fakitale imachedwanso kuposa kale. PTC idalowa m'dzenje limeneli ndipo sidatulukemo. Chaka ndi chaka malipoti a Press Corporation ankaonetsa kuti nthambiyi ikuluza, pamene nthambi zina monga National Bank ndi TNM zinkapanga phindu.

Njira imene akuluakulu adasankha inali yoyang'ana kumizinda. Cha m'ma 2015 adatenga chilolezo chogwiritsa ntchito dzina la SPAR, kenako la Food Lover's Market, n'kumanga masitolo okongola olimbana ndi Shoprite, uku akutseka masitolo ang'onoang'ono ambiri amene ankati sakupindula. Potero kampani idasiya bwalo limene idali ndi mphamvu yosapezeka kwa wina aliyense, la m'maboma ndi m'matauni ang'onoang'ono, n'kukalimbana pabwalo limene anzake anali ndi mpamba woposa wake. Kumayambiriro kwa 2022 Press Corporation idagulitsa PTC ku kampani ya Tafika Holdings. Mu Meyi chaka chomwecho kwacha idatsitsidwanso ndi 25 peresenti. Eni atsopano adapempha khoti kuti liwapatse mpata wokonzanso kampani, koma mu Okutobala 2022 khoti lalikulu loona za malonda lidagamula kuti PTC ithetsedwe, katundu wake agulitsidwe pobweza ngongole. Antchito adatsala akuyendera ndalama zawo, ndipo amene ankaperekera katundu, ena mwa iwo makampani ang'onoang'ono a Amalawi, adatsala ndi mapepala a ngongole m'manja.

Chimene tataya, chimene tiphunzire

Ziwiya sizidasowe ku Kasungu chifukwa PTC yatha. Chipiku ilipo, masitolo a anthu paokha ndi ambiri, msika wadzaza mabeseni ndi ndowa zapulasitiki za mitundu yonse, ndipo okhoma zidebe akukhomabe. Nawo mavuto amene adagwetsa PTC sadathe. Mu Novembala 2023 kwacha idagwanso ndi 44 peresenti, ndipo mu 2025 Shoprite, ndi mphamvu zake zonse, idalengeza kuti ikugulitsa masitolo ake a m'Malawi. Izi zikuonetsa kuti kusowa kwa ndalama zakunja ndi kugwa kwa kwacha zikupweteka wamalonda aliyense wodalira katundu wakunja, kaya ayendetse bwino chotani.

Chimene tataya n'chachikulu kuposa nyumba zogulitsiramo. Tataya njira imodzi imene katundu wopangidwa ku Malawi ankafikira dziko lonse pakamodzi. Tataya malo amene wogula ankalandira lisiti n'kukhala ndi pokadandaula chinthu chikakhala choipa. Poto wotchipa wa pamsika akabooka patatha miyezi itatu, mayi uja alibe kolowera; amagulanso wina, ndipo pakutha pa zaka ziwiri walipira kuposa mtengo wa poto wolimba. Tatayanso ntchito za malipiro a pamwezi m'matauni amene ntchito zotere n'zosowa.

Ine ndikhulupirira kuti dziko lino likufunikabe sitolo ya Amalawi yofika m'maboma onse, koma yomangidwa pa maziko ena. PTC idakula chifukwa lamulo lidaichotsera opikisana nayo ndipo boma lidaitsegulira zitseko, motero sidakakamizike kumuphunzira wogula wake pamene inali ndi nthawi ndi ndalama zochitira zimenezo. Amene adzayesenso, kaya ndi kampani kaya ndi makopaletivu a alimi, ayambire kwa mlimiyo. Aode katundu motsata nyengo ya fodya, soya ndi mtedza. Apatse woyang'anira sitolo wa pa Kasungu mphamvu yosankha katundu ndi kusintha mtengo osadikira kalata ya ku likulu. Alole mayi kugula poto mmodzi, kapena kulipira pang'onopang'ono kudzera pafoni mpaka atamaliza. Apite ndi lole pamsika tsiku la msika. Agule kwambiri kwa opanga a konkuno kuti dola isamamulamule, ndipo awalipire pa tsiku limene adapangana. Boma nalo litolere msonkho mofanana kwa onse, kuti wolipira asamalangidwe chifukwa cha kukhulupirika kwake.

Alimi a kwa Mwase adalipirira PTC pomangidwa, kudzera m'mitengo yotsika ya mbewu zawo, ndipo adaidyetsa ndi ndalama za fodya kwa zaka zambiri popanda wowafunsa maganizo. Sitolo yotsatira ikadzabwera, iwowa akhale ndi mawu pa kayendetsedwe kake ndiponso gawo pa phindu lake.